Mkamwini Amene Adafera Thandizo la Boma

Padangokhala. Amene muli nane vomerani, ndipo amene mwabwera kuti mukanene kuboma khalani cha kumbuyo, mukalembe bwino.

Kale lomwe, nyama zikadali ndi boma lawo, maofesi awo ndi mabwana awo, kudali mudzi wina wotchedwa kwa Dikirani. M'mudzimo mudali Gologolo, mwamuna wa nzeru zothamanga koma wopanda ntchito, amene adalowa chikamwini kwa mayi Nungu. Adakwatira mwana wawo Nachanza, ndipo ndinene poyera kuti mkaziyo ankamukonda ndi mtima wonse. Vuto lidali loti chikondi sichidzaza nkhokwe.

Sikuti Gologolo adali waulesi ayi. Munda waukulu wa a Njovu, kumene mudzi wonse unkapeza ganyu, udatsekedwa chaka chimene mvula idakana, ndipo chichokereni a Njovu palibe adabweranso kudzafuna antchito. Amphamvu adathawira kutali. Otsala ankangodzuka, kupatsana moni, n'kumadikira kuti dzuwa lilowe.

Mwa mwambo, mpongozi sayang'anana maso ndi mkamwini. Choncho mayi Nungu akafuna kumulasa Gologolo ankayankhula ndi mtondo wawo, mokweza, mwini nkhani ali pakhonde pomwepo.

"Iwe mtondo iwe," adatero tsiku lina, "ngakhale iwe wopanda miyendo umagwira ntchito. Koma pakhomo pano pali ena ntchito yawo ndi kutukula mchira basi. Ukawaona uwauze kuti mvula yoyamba ikadzagwa asanalembedwe ntchito, njira yakwawo akuidziwa. Mwana wanga ndidyetsa ndekha."

Gologolo adamva zonse, ndipo mtima udamupweteka. Nachanza adali woyembekezera, ndipo kunkatsala miyezi itatu yokha kuti mvula igwe. Kuchoka pamudzipo kudali kusiya mkazi ndi mwana amene sadamuone n'komwe.

Masiku omwewo mfumu Mkango, atakhuta bwino, adakumbukira kuti m'dziko mwake muli amphawi. Adalengeza kuti boma lapatula matumba zana a mapira oti akhale malipiro a ntchito zatsopano m'mudzi umodzi, umene uli pa umphawi kuposa midzi yonse. Koma popeza boma silikhulupirira umphawi umene silinauone ndi maso, lidatuma bwana Kakowa, mkulu woyendera ovutika, kuti akasankhe mudziwo.

Kakowa adali bwana wa malaya oyera mbuu, amene chibadwire sadapondepo matope ndi miyendo yonse iwiri. Galimoto yake ya boma idali Njati, ndipo iye ankangokhala pamsana, khosi lili neng'a. Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Kakowa adakwera pa njati chabe, koma mame adawaiwala chimodzimodzi. Ulendo uliwonse ankalandira alawansi, choncho nkhani za amphawi sankafulumira kuzimaliza.

Gologolo atamva uthengawo adalumpha katatu.

"Nachanza, tapulumuka! Pa mpikisano wa umphawi ndani angatigonjetse ife?"

"Musayambe kuvina ng'oma isanalire," adatero Nachanza. "Amayi mukuwadziwa."

Amayiwo ankawadziwadi. Mayi Nungu ndiwo adali mkulu wa amayi onse m'mudzimo, ndipo atamva kuti kukubwera mlendo wa boma minga yawo yonse idaimirira.

"Mlendo atipeze ngati anthu osaleredwa? Akakanene chiyani kwawo? Tsache m'manja, nonse!"

Adasesa mpaka fumbi lidasowa pobisala. Adazira nyumba zonse. Adapita kumudzi woyandikana nawo kukabwereka zitenje, mbale, mpando ndi nsalu ya patebulo. Chimera chomaliza adaphikira thobwa, ndipo mtedza umene adasungira mbewu adaukazinga wonse. Gologolo adayesa kutsegula pakamwa, koma adauzidwa kudzera mwa mtondo kuti mkamwini sakonza za alendo pamudzi pa eni.

Tsikulo amayi adakamuchingamira Kakowa kunjira ndi nyimbo yawo ya alendo, ija yoti mmodzi amatsogola kufunsa kuti wafikayu ndani, ena onse n'kuvomera kuti wafika mwini mudzi, adye, amwe, agone, pakuti pano sipasowa kanthu. Adaiimba akuvina, njala ili m'mimba, mano ali panja.

Kakowa adadya, adamwa, adageya, kenaka adatulutsa fomu. Gologolo adakwera pa tsindwi n'kusuzumira zimene bwanayo ankalemba: mudzi waukhondo, anthu ovala bwino, chakudya chosefukira, thandizo silikufunika.

Gologolo adatsika ngati wagwa, n'kuthamangira Njati.

"Bwana, bwana! Zonse mwaonazi n'zobwereka. Mbale mwadyerayo mwini wake ali kuseri kwa nyumba, akuidikira."

"Achimwene, ine ndimalemba zimene ndaona."

"Ndiye mubwerenso, mudzaone zenizeni."

Kakowa adayang'ana kumwamba, adaganiza za alawansi, ndipo chifundo chidamugwira.

"Boma ndi kholo," adatero. "Ndidzabweranso mwezi wamawa."

M'mawa mwake eni zitenje adadzatenga zitenje zawo, ndipo mudzi udadzuka wopanda mbewu, wopanda chimera, uli ndi ulemu wokhawokha. Pamenepo ndi pamene adalola kuti mkamwini ayankhule.

"Abale anga," adatero Gologolo, "umphawi tili nawo wokwanira, ndipo sitinaube. Vuto lathu ndi loti timaubisa ngati mimba yapathengo. Ulendo uno palibe kusesa, palibe kubwereka, palibe kuphika. Aliyense avale zimene amavala masiku onse."

"Nanga ine ndichite chiyani?" adafunsa Fulu, nkhalamba ya m'mudzimo, imene idatha masiku atatu isanalawe kanthu.

"Inu agogo musasinthe chilichonse. Mmene mulilimu zili bwino kwambiri."

Mwezi wonse Gologolo adauthera kuphunzitsa anthu kuoneka mmene adalili kale. Adawaonetsa kayendedwe kogwira m'chiuno, kakhalidwe kogwira tsaya, ndi katsokomoledwe komveka kutali. Miphika adaibisa m'tchire. Nyimbo ija adaisiya mayimbidwe ake koma adaisintha kumapeto, kuti ovomera azinena kuti mlendo apepese, pano palibe kanthu.

Kakowa atafika ulendo wachiwiri zonse zidayamba bwino. Pabwalo padali zinyalala zoti munthu n'kunyadira. Nyimbo adaiimba mozizira, ngakhale theka la amayi pakamwa padawaterereka n'kubwerera ku mawu akale oti mlendo adye, amwe. Kakowa adatsika pa Njati, adapukuta mlomo, nati:

"Muli bwanji nonse kuno?"

Mudzi wonse udagwada, udaomba m'manja, n'kuyankha ndi mawu amodzi:

"Tili bwino, kaya inu bwana?"

Gologolo adagwira kumutu. Mwezi wathunthu adaphunzitsa miyendo, chiuno ndi chifuwa, koma moni adauiwala. Kakowa adali atalemba kale.

"Bwana, umenewo ndi moni chabe!"

"Ndafunsa, ayankha. Kodi inu mukudziwa za m'mimba mwawo kuposa eni ake?"

"Funsani agogo awo. Taonani mmene alili."

Kakowa adawerama pang'ono, osafika poti malaya angade.

"Agogo, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, mwana wanga. Kaya iwe ndi a kunyumba?"

"Pali vuto lililonse?"

"Aaa, n'zazing'ono. Mulungu alipo."

Kakowa adalembanso. Kenaka, atakwera kale pa Njati, kudamveka kuphwanyika kwa mapesi kuseri, ndipo adatulukira mayi Nungu ali wefuwefu, dzungu lili pamutu. Lidali dzungu lomaliza m'mudzi wonsewo, ndipo Gologolo adalikwirira yekha ndi manja ake.

"Bwana, pepani, mwatipeza tsiku loipa. Koma mlendo sachoka chimanjamanja. Kaphikireni ana."

Lipoti la tsikulo lidati anthu a kwa Dikirani anena okha kuti ali bwino, mavuto awo ndi aang'ono, ndipo chakudya ali nacho mpaka chopatsa alendo.

Gologolo adathamangiranso Njati, misozi ili m'maso.

"Bwana, kamodzi kokha!"

"Kamodzi komaliza," adatero Kakowa, atakumbatira dzungu, "chifukwa thumba la maulendo latsala pang'ono. Koma ndikuuzeni, achimwene, muli m'mbuyo. Kumudzi kwa a Fisi amadziwa kulira. Ndidangofika, onse n'kugubuduka pansi, mimba zawo zikuluzikulu zija zili gwedegwede. Umphawi wake ndi umenewo, womveka."

Pofika kunyumba Gologolo adapeza apongozi ake akucheza ndi mtondo.

"Iwe mtondo, waiona mitambo? Yayamba kusonkhana. Ine sindikunena munthu."

Gologolo adakhala masiku atatu akusaka nzeru ina. Tsiku lachinayi adaitana mkazi wake kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu ija.

"Nachanza, anthu akwanuwa angalole kufa kusiyana ndi kuvomera njala pamaso pa mlendo. Sindingawasinthe. Koma pali malo amodzi pamene amalira osachita manyazi, pamene munthu sanena kuti ali bwino, pamene mlendo sapatsidwa kanthu koma iye ndiye amapereka."



"Pamaliro," adatero Nachanza. "Amuna anga, mwayamba misala."

Koma Gologolo ataitana msonkhano wa mudzi, aliyense adaona kuti nzeruyo idali yakupsa. Adaomba m'manja, adaimba nthungululu, mpaka wina adafunsa kuti nanga afe ndani. Pamenepo maso onse adapita pansi.

"Ine ndayandikira kale," adatero Fulu. "Ndikangoyeserera, zichitikadi."

Anthu adatembenukira kwa Kafadala, kachilombo kaja kamangogona chagada mukakakhudza.

"Kufa dala ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku," adatero Kafadala, "koma osati pamaso pa Kakowa. Bwana uja amadya ife. Maliro anga akhoza kukhala nkhomaliro yake."

Mayi Nungu, popeza mtondo adausiya kunyumba, adayankhula ndi mtengo umene adautsamira.

"Iwe mtengo, akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene akufunitsitsa ntchito m'mudzi muno ndani?"

Gologolo adadzuka, adakweza mchira, nati adzafa yekha.

Nachanza adamugwira mkono ali pa njira yobwerera kunyumba.

"Imfa saiseweretsa. Mukudzilodza, ndipo ine ndikuopa."

"Tsiku limodzi lokha, mkazi wanga. M'mawa ndafa, madzulo ndadzuka, mawa lake ndine kapitawo. Amayi ako adzayamba kundipatsira moni kudzera mwa mtondo womwewo."

Komabe, poti wochenjera sagona mbali imodzi, adakapangana ndi Mfuko, mkulu wa adzukulu, kuti pokumba manda akumbenso kanjira ka pansi kokatulukira patsinde pa mkuyu umene udali pafupi.

Tsiku lomaliza lija Njati adafika pamalire a mudzi n'kupeza masamba atayalidwa panjira. Adaima yekha, pakuti ngakhale galimoto ya boma imadziwa kuti masamba panjira ndi maliro. Kakowa adatsika, adavula chipewa, n'kuyenda wapansi kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito.

Palibe adamuchingamira. Palibe adamupatsa mpando. M'nyumba ya siwa amayi ankaimba nyimbo yomwe ija ya alendo, koma mokoka ngati ya maliro. Wotsogola ankafunsa kuti wafikayu ndani, ovomera n'kumayankha kuti wafika mochedwa, mwini nyumba wapita, pano patsala mphepo. Gologolo adali gone pakati pawo, atakulungidwa m'nsalu, akupuma pang'onopang'ono ngati wakuba.

Tsono apa padachitika chinthu chimene ngakhale mwini nzeruyo sadachiyembekezere. Anthu aja adayamba kulira mwa sewero, koma misozi itangopeza njira idatuluka yeniyeni. Adalira njala ya zaka ziwiri imene ankaibisa m'moni. Adalira ana awo amene adapita kukafuna ntchito osalembanso kalata. Adalira mbewu imene adakazingira mlendo. Nachanza adalira chifukwa cha mantha, ndipo kulira kwake kudalasa aliyense. Ine amene ndikusimba nthanoyi, pofika apa kuseka kumandithera.

Koma amene adaposa onse adali mayi Nungu.

"Mkamwini wanga ine! Wolimbikira ntchito ine! Waulemu, wosayankha akulu! Ndidzampeza kuti wina wotere?"

Gologolo m'nsalu muja adatsala pang'ono kudzuka kuti afunse ngati akunena iye.

Fulu ndiye adaimirira kufotokoza za imfayo.

"Bwana, malemuwa sadadwale. Adangosowa ntchito. Adadzuka m'mawa, kuyang'ana uku ntchito palibe, kuyang'ana uko ntchito palibe, basi n'kugwa. Asiya mkazi ali ndi pakati."

Maso a Kakowa adawala. Zaka zonse zimene adayendera amphawi sadalembepo lipoti lokhala ndi mtembo, ndipo ankadziwa kuti lipoti lotere limakweza munthu pa ntchito. Adalemba dzina la malemu, dzina la namfedwa, tsiku ndi ola. Adapereka chipepeso, theka la dzungu lija, ndipo mudzi udathokoza boma chifukwa cha mtima wake wabwino.

"Tsopano bwana mukhoza kupita, mwatopa," adatero Fulu.

"Ayi," adatero Kakowa. "Boma limaperekeza anthu ake mpaka kumapeto. Tiyeni kumanda."

Choncho Gologolo adanyamulidwa, adatsitsidwa, adamva dothi likugwa pamwamba pake, ndipo pamenepo ndi pamene adadziwa kuti mantha ndi chiyani. Adapapasa, adapeza kanjira ka Mfuko, adakwawa mpaka patsinde pa mkuyu, n'kukwera kunsonga. Ali kumeneko adaona bwana Kakowa akuika nkhata pamanda ake, mutu uli pansi. Adaseka mpaka adagwira nthambi ndi manja onse.

Thandizo lidafika patangotha masabata awiri. Amene amalidziwa boma avomereza kuti limeneli ndi liwiro la mphezi, koma mtembo umathamangitsa mapepala kuposa munthu wamoyo. Pa matumba zana aja adafika khumi ndi asanu ndi anayi. Enawo adathera m'misonkhano imene a Nyalugwe ndi mabwana anzawo a boma ankakambirana za njira yabwino yofikitsira matumbawo kwa amphawi. A kwa Dikirani sadafunse, chifukwa wopatsidwa sawerenga.

Kakowa adabwera ndi chikwangwani chachikulu, ndipo adachiwerenga yekha mokweza: Ntchito za Chikumbutso cha Malemu Gologolo, Amene Adafa ndi Ulova.

"Mfumu Mkango itamva nkhaniyi idagwetsa msozi," adatero. "Yalamula kuti manda amenewa akhale phunziro kwa dziko lonse. Pakufunika omanga chiliza, osema miyala, olambula msewu wa kumanda, osesa, alonda, ndi oimba olandira alendo amene azibwera kudzaphunzira za umphawi. Aliyense m'mudzi muno walembedwa ntchito."

Fulu adakhala mlonda wamkulu. Mfuko adakhala woyang'anira zomangamanga. Mayi Nungu adakhala mkulu wa olira, pakuti luso lawo bwana adaliona yekha. Ndipo ukapitawo wa ntchito yonse adaupereka kwa namfedwa, Nachanza.

"Ine ndizibwera nthawi iliyonse, osanena," adamaliza Kakowa, "pamodzi ndi alendo a kunja."

Njati atangozimirira, Gologolo, amene adabisala masiku onsewo kudikira thandizolo, adatsetsereka mumkuyu n'kufika pabwalo akusasa fumbi.

"Ndadzuka, abale! Zatheka! Tsono ntchito yanga ndi iti?"

Wina adayamba kuyang'ana zikhadabo zake. Wina adakumbuka kuti wasiya kanthu kunyumba.

"Agogo Fulu, dzina langa lili pati pa fomupo?"

"Pa fomu mulibe, mwana wanga. Inu muli pamwamba, pa chikwangwani. Malemba ake aakulu bwino."

"Ndiye tikawauze kuti ndachira."

"Mukachira inu," adatero Fulu pang'onopang'ono, "ife tonse tafa. Popanda mtembo palibe manda, popanda manda palibe chiliza, popanda chiliza palibe ntchito. Komanso kunamiza boma ndi mlandu, ndipo ine msinkhu uno ndende sindingaithe."

"Koma ntchito zonsezi ndabweretsa ndine!"

"N'zoona. Ndipo tizikuthokozani tsiku lililonse, m'nyimbo."

Gologolo adayang'ana uku ndi uku kufuna womuyankhulira. Amene adatsegula pakamwa adali apongozi ake, ndipo adayankhula ndi fosholo yatsopano ya boma imene idali m'manja mwawo.

"Iwe fosholo, uwauze a kumizimu kuti masana sayendayenda, angaopseze ana. Ndiponso ukhale mboni kuti ine sindidathamangitse munthu pakhomo panga. Adachoka okha, mwaulemu, boma likuona."

Gologolo adathawira kwa Nachanza. Mkaziyo adangoti misozi mbwembwembwe, makiyi a nyumba ya mapira ali m'khosi. Nthawi yomweyo mlonda adakuwa kuti kunjira kukumveka ziboda, ndipo manja khumi adamugwira Gologolo n'kumuponya mumkuyu. Zidali mbuzi chabe zongodutsa, koma kuyambira tsiku limenelo aliyense adadziwa malo ake.

Gologolo sadagonje msanga. Adatumiza uthenga kwawo kuti atsibweni ake abwere adzaweruze nkhaniyi. Atsibweniwo adafika akulira, adauzidwa zoona zake, adakwiya kwambiri, nati mphwawo sangafe ali moyo. Kenaka adalowetsedwa m'nyumba ya mapira kuti akapume. Potuluka adali ndi theka la thumba pamutu, ndipo adati ataganiza mofatsa aona kuti mwanayo adamwaliradi, chifukwa ngakhale ali wamng'ono sankaoneka wathanzi. Popeza adali atabwera kale, adatsalira mwambo wa kumeta. Kakowa adabwera ndi alendo kudzaonerera. Nachanza adametedwa, adasudzulidwa pamaso pa onse, ndipo alendowo adati mwambowo ndi wokongola kwambiri. Gologolo adaonera ukwati wake ukutha ali panthambi, atadziluma mchira kuti asakuwe.

Adaganiza nzeru zina zambiri. Adaganiza zobwera ngati mphwake wa malemu, koma mudzi udati nkhope ikufanana kwambiri, bwana angakayike. Adaganiza zodzuka kwa akufa pamaso pa alendo, koma Mfuko adamuuza mwachikondi kuti akayesa zimenezo, kanjira kaja ulendo wina sikadzakhalapo. Msampha umene adautchera yekha udali wopanda polowera mpeni, pakuti adaupanga mwaluso.

Mvula yoyamba idagwa tsiku lina masana, anthu ali pa ntchito yopaka chiliza laimu. Itakata, Nachanza adabwera yekha patsinde pa mkuyu, mpango uli kumutu kometedwa kuja, kambale ka chakudya kali m'manja. Ankayenda movutika, chifukwa masiku ake adali atayandikira.

Gologolo adatsikira pa nthambi ya m'munsi.

"Nachanza, tiye tithawe. Tipite kwathu, lero lomwe."

"Kwanu kuli ntchito?"

Gologolo adangoyang'ana kambale kaja.

"Mwanayu abadwa mwezi uno," adatero Nachanza. "Pano adya. Anthu onsewa akudya. Agogo Fulu ayamba kunenepa. Ndikathawa ndi munthu wakufa, mawa lomwe chikwangwani achizula."

"Nanga ine? Ndidachita zonsezi kuti ndisachoke pambali pako."

"Ndikudziwa. Ndidakuuzani kuti ndikuopa."

"Mwanayo adzandidziwa bwanji?"

"Ndidzabwera naye pano. Ndidzamuuza kuti bambo ake adali munthu wanzeru kuposa onse m'dziko muno." Adapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Sindikwatiwanso, amuna anga, ngakhale ayamba kale kufunsira. Chakudya ndizibweretsa tsiku lililonse. China chimene ndingathe palibe."

Gologolo adatambasula dzanja kuti amukhudze, koma kunjira kudamveka ziboda, ndipo ulendo uno zidali za Njati. Adazembera kuseri kwa thunthu. Nachanza adagwada msangamsanga, adaika kambale pansi, adaomba m'manja katatu, n'kukweza mawu monga amachitira wothira nsembe.

"Inu amene mudatsogola, landirani kachakudya aka. Mutiyang'anire ife otsala. Musatiiwale kumene muliko."

"Nachanza," adanong'ona Gologolo.

"Khalani chete," adatero mkaziyo mano atalumana, misozi ikugwera m'mbale. "Akufa sayankha."

Kakowa adaima chapatali ndi alendo ake, zipewa zili m'manja.

"Taonani, mabwana," adatero, "mmene anthu athu amakondera akufa awo. Misozi imeneyo si yogula. Ntchito ngati iyi siyenera kutha msanga."

Adatulutsa fomu, adalemba, ndipo madzulo omwewo adalengeza pabwalo kuti chifukwa cha kuyenda bwino kwa ntchitoyo, boma laionjezera zaka khumi. Nthungululu zidamveka mpaka kumanda, kumene Gologolo adali atakakamira kuseri kwa mkuyu, chakudya chikuzizira pansi.

N'chifukwa chake mpaka lero gologolo akangomva mapazi amathawira mumtengo n'kuzungulira kuseri kwa thunthu, kusuzumira ndi diso limodzi. Musamuponye mwala. Akungoona ngati zaka zija zatha.

Yathera pompa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaiphule yekha, ndipo akakumana ndi wa malaya oyera panjira asamuuze kuti ali bwino.